Intaneti ya chingwe yothawa mvula ikagwa: lipoti la ntchito ina ku Katoto

Kompyuta yomwe lipotili likukamba ndi ya patebulo, Dell OptiPlex mwa zija zimabwera m'dziko muno zitagwirapo kale ntchito m'maofesi akunja, ndipo ili ndi Windows 10. Eni ake ndi mayi ena a ku Katoto, kuno ku Mzuzu, amene amasungira mabuku a ndalama eni mashopu angapo a m'tauni. Ofesi yawo ndi chipinda chimodzi cha kuboyizikota, ndipo kumapeto kwa mwezi amafunika intaneti yosadukaduka kuti atumize za misonkho pa Msonkho Online. Dandaulo lawo linali lakuti mafoni a pakhomopo amalowa pa intaneti popanda vuto, koma kompyuta, yomwe ili pa chingwe, lero igwira, mawa ikana. Anali ataona okha kuti imakana kwambiri kukagwa mvula usiku, kapena magetsi akazima n'kubwerera. Anatchulanso chinthu china chomwe iwo ankangochiseka: tsiku lomwe intaneti yakana, pulinta imasindikiza bwinobwino, tsiku lomwe intaneti yagwira, pulinta ndiye imanyanyala.

Asanandiitane anali atavutika nayo kale. Anaimbira kampani yomwe amagulako intaneti, mnyamata wa kumeneko anabwera, anaima pabalaza pafupi ndi rauta, anayeza liwiro ndi foni yake n'kunena kuti mbali yawo zonse zili bwino. Sananame ayi. Kenako kompyutayo inakwezedwa pa njinga ya sakaramento kupita kwa okonza ena m'tauni, amene anafufuta zonse n'kuikamo Windows watsopano. Kushopuko inagwira tsiku lathunthu osadula, koma itangobwerera kunyumba inayambiranso khalidwe lake. Wina anawauza kuti khadi ya netiweki ya m'kati yapsa, anagula kachipangizo kolowetsa pa USB kokhala ndi khomo lake la chingwe, nakonso sikanasinthe kanthu. Ndalama zinapita, koma zinandigulira umboni. Kompyuta yomwe imagwira kwina n'kumakana kunyumba, yomwe yakana ndi Windows wakale ndi watsopano yemwe, ndi khadi yakale ndi yatsopano yomwe, vuto lake silili m'kati mwake.

"Achimwene, koma musandiuze zogula kompyuta ina," anandiuza pa foni.

"Ayi mayi, sitinafike kumeneko. Koma tsiku lomwe yakana, musazimitse chilichonse, musazule chingwe chilichonse. Mungondiimbira."

Pempho limeneli ndimapereka pa vuto lililonse lobwera n'kumapita. Wokonza akafika zinthu zikuyenda amangolosera, ndipo mwini nyumba akazimitsa ndi kuyatsanso zonse asanafike amakhala wafufuta umboni.

Mmene zinthu zinalumikizidwira

Intaneti ya pakhomopo imalowa kudzera mu rauta ya 4G ya simukhadi, yomwe imakhala pawindo la pabalaza chifukwa ndi pomwe netiweki imagwira bwino. Kuchokera kumbuyo kwa rautayo, chingwe chotuwa chinatulukira pabowo la felemu ya windo, chinakwera khoma, chinayenda m'mphepete mwa denga, n'kuwolokera kuboyizikota chitamangiriridwa ku waya wachitsulo. Kumeneko chinapinda pa mlomo wa lata, chinatsika n'kulowera pa venti. Kutalika kwake konse kunali mamita 35 kapena kupitirira pang'ono. Sichinkafika patebulo. Chinkathera pa shelefu pafupi ndi chitseko, pomwe chinalowa m'karauta kena kakale, m'limodzi mwa makomo achikasu a LAN, olumikizira zida za m'nyumba momwemo. M'karauta komweko munkatuluka zingwe ziwiri zazifupi, china kupita ku kompyuta, china ku pulinta. Kompyuta inali pa UPS yaing'ono, kabokosi ka batire koigwiriziza magetsi akazima. Marauta onse awiri anali pamagetsi a pakhoma.

Mayiwo kakale kaja sankakawerengera n'komwe. Ankangoti ndi "kolumikizira zingwe", ndipo mwana wawo amene anakaika anali ndi cholinga chomwecho. Koma kukhalapo kwake kumasintha tanthauzo la zonse zomwe kompyuta ikuonetsa. Timagetsi tiwiri ta pakhomo la chingwe kumbuyo kwa kompyuta tinkayaka bwino, ndipo Windows ankati liwiro la chingwe ndi 100 Mbps. Aliyense amene anaona timagetsito anatsimikiza kuti chingwe chili bwino. Chingwe chomwe timagetsito tinkachitira umboni ndi chachifupi chija chochoka patebulo kufika pa shelefu. Za chachitali cha panja kompyuta sinkadziwa chilichonse.

Adiresi yolakwika

Anandiitana m'mawa wina mu Malichi, kutagwa mvula usiku wonse, magetsi ataphethiranso m'bandakucha. Pakona ya sikirini panali kachizindikiro ka dziko kosonyeza kuti intaneti palibe. Ndinatsegula Command Prompt, polembera malamulo mu Windows, n'kulemba ipconfig /all kuti ndione adiresi ya kompyuta, nambala yomwe imadziwika nayo pa netiweki. Ndinkayembekezera chimodzi mwa ziwiri: adiresi yabwino, kapena adiresi yoyamba ndi 169.254, yomwe Windows amadzipatsa yekha akafunsa adiresi pa netiweki koma osayankhidwa, ndipo nthawi zambiri imaloza ku chingwe chakufa kapena rauta yozima. Zomwe zinatuluka sizinali zimenezi. Kompyuta inali ndi 192.168.0.101, ndipo pa Default Gateway (khomo lotulukira ku intaneti) ndi pa DHCP Server (wogawa maadiresi) panalembedwa 192.168.0.1. Adiresi yooneka bwino ndithu. Koma foni yanga, nditailumikiza pa Wi-Fi ya pabalaza, inalandira adiresi yoyamba ndi 192.168.8, ndipo khomo lake lotulukira linali 192.168.8.1. Nyumba imodzi, netiweki imodzi, mitundu iwiri ya maadiresi. Nditalemba ping 192.168.0.1, lamulo lotumiza kauthenga ku adiresi n'kudikira yankho, mayankho anabwera nthawi yomweyo. Nditalemba ping 8.8.8.8, adiresi ya kunja pa intaneti, amene anayankha anali 192.168.0.1 yemweyo, kunena kuti njira yopitira kumeneko palibe.

Kompyuta ikalumikizidwa pa netiweki sidziwa kuti rauta ndi iti. Imafuula kwa onse kupempha adiresi, ndipo kawirikawiri imatenga ya amene wayamba kuyankha. Ntchito yogawa maadiresiyo ndiye DHCP, ndipo panyumba woigwira ayenera kukhala m'modzi. Pano anali awiri. Zili ngati oitanira awiri padepoti: wokwera amalowa minibasi ya amene wayamba kumugwira chikwama, osadziwa kuti ina mwa minibasizo ilibe dalaivala. Karauta kakale kankagawa maadiresi n'kumauza kompyuta kuti zonse zopita kunja zizidutsira mwa iko, chikhalirecho khomo lake la WAN, lomwe intaneti imayenera kulowera, linali lopanda chingwe.

Apa nkhani ya magetsi inamveka. Magetsi akazima, marauta onse awiri amazima, koma kompyuta imakhalabe yoyaka chifukwa cha UPS. Akabwerera, kakale kamadzuka msanga, pamene ya 4G imatenga kanthawi. Kompyuta ikangoona kuti chingwe chakhalanso ndi moyo imapempha adiresi pompo, ndipo panthawiyo womva ndi m'modzi yekha. Ikalandira adiresi yolakwikayo siisiya wamba. Adiresi imabwerekedwa kwa nthawi yoikika, pa karauta aka anali maola awiri, ndipo theka la nthawiyo likatha kompyuta imabwerera kwa yemwe anaibwereka kukapempha kuti aiwonjezere. Kakale kankavomera, tsiku n'kutha choncho. Pulinta nayo inafotokozeka. Popeza imayatsidwa pafupi ndi kakale, pafupifupi nthawi zonse inkakhala ndi adiresi ya 192.168.0, ndipo Windows watsopano uja anailemba ndi adiresi imeneyo. Kompyuta ikasochera, inkasocherera komwe kuli pulinta, n'kumaonana. Ikalandira adiresi yolondola, intaneti inkabwera, pulinta n'kusowa.

Ndinaimbira mwana wawo, amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Sanachedwe kuyankha: "Akulu, DHCP ndinazimitsa ndekha pa karauta kameneko tsiku lomwe ndinakaika. Ndikukumbukira bwinobwino." Ndinamukhulupirira, chifukwa zinthu zinayenda chilimwe chonse. Ndinatembenuza karautako n'kuwaonetsa mayi ake kabowo kakang'ono kolembedwa Reset.

"Mayi, alipo anabayapo apa?"

"Ine ndemwe. Mvula itayamba, kompyuta itayamba kuchedwa, mlamu wanga anandiuza pa foni kuti ndibayepo ndi phini mpaka timagetsi tiphethire."

Kubaya pamenepo kumabwezeretsa rauta mmene inachokera kufakitale, ndipo kufakitale DHCP imakhala yoyatsa.

Vuto lomwe linayamba phini asanabaye

Yankho la mayiwo linatseka nkhani imodzi n'kutsegula ina. Anabaya chifukwa kompyuta inali itayamba kale kuvuta. Ndiye kuti panali vuto loyamba, lomwe linabwera ndi mvula, ndipo lachiwiri linabadwa poyesa kuchiza loyambalo. Atafunsidwa bwino anakumbukira kusiyana kwake: poyamba masamba ankatseguka mwatheka, mafaelo ankaima pakati potumizidwa, misonkhano ya pa Zoom inkadukaduka, kuthawiratu kwa intaneti kunayamba pambuyo pake. Kuno mvula yamkuntho ndi kuphethira kwa magetsi zimayendera limodzi, n'chifukwa chake mavuto awiriwa ankaoneka ngati limodzi.

Ndinalowa mu 192.168.0.1 pa burawuza, ndinazimitsa DHCP, kenako pa kompyuta ndinalemba ipconfig /release ndi ipconfig /renew. Inalandira adiresi ya 192.168.8 ndipo intaneti inabwera. Mayiwo anasangalala, anayamba kufunsa za malipiro, koma ndinawapempha kuti adikire kaye. Ndinalemba ping -t 192.168.8.1, kuyeza njira yochoka pa kompyuta kufika pa rauta ya pabalaza yokha basi. Poyeza chingwe, osaloza ping kunja kwa nyumba, chifukwa 4G ili ndi kukwera ndi kutsika kwakekwake komwe kungasokoneze chithunzi. Pa chingwe chabwino mzere uliwonse umayenera kubwera ndi time<1ms kapena kuyandikira pamenepo, osaphonya. Apa mizere yambiri inali yabwino, koma mwa apo ndi apo munkalowa Request timed out. Ping wamba wa Windows amatumiza mabayiti 32 okha, kanthu kakang'ono komwe kamatha kupulumuka ngakhale pa chingwe chodwala. Nditakuza katunduyo ndi ping -t -l 1400 192.168.8.1, kuyandikira kukula kwa mapaketi enieni, tizidutswa tomwe faelo imagawidwamo poyenda, sikirini inadzaza ndi timed out.

Chonamiza china ndi ichi: netstat -e, lamulo lowerenga mapaketi oonongeka, pa kompyutayo sinaonetse zolakwika. Sizodabwitsa. Paketi ikaonongeka m'chingwe chachitali, karauta ka pa shelefu kamaitaya komweko, osaipititsa ku kompyuta. Kompyuta imangoona kuti zina sizinafike. Choncho ndinazula chingwe chachitalicho pa karautako n'kuchilowetsa mu laputopu yanga. Kagetsi ka pakhomo kankayaka, kuzima, kuyakanso, ndipo chiwerengero cha mapaketi oonongeka chinkangokwera. Ndinanyamula laputopu kupita pabalaza, ndinailumikiza pakhomo lomwelo la rauta ya 4G ndi chingwe changa chachifupi chomwe ndimachidziwa, ping yemweyo anayenda osaphonya. Rauta inali bwino, khomo lake linali bwino. Chotsala chinali chingwe cha panja.

Tesita yoti zonse zili bwino

Ndinaika tesita wamba, ija ya timagetsi 8 mbali iyi ndi 8 mbali inayo. Tonse tinayaka motsatana, 1 mpaka 8, mbali zonse. Amene anaika chingwechi ayenera kuti anayezanso choncho n'kuchoka mtima uli m'malo. Tesita imeneyi imayankha funso limodzi: kodi waya wa pa nambala 3 mbali iyi wafika pa nambala 3 mbali inayo? Sidziwa kuti wayayo wapotedwa ndi mnzake uti.

Ndinayatsa tochi ya foni n'kuyang'ana mutu wa chingwecho, wotchedwa RJ45, kudzera mu pulasitiki yake yoonekera m'kati. Timawaya tinandandalikidwa mwaudongo: tiwiri ta olenji, tiwiri tobiriwira, tiwiri ta buluu, tiwiri ta bulauni, aliyense pambali pa mnzake. Mutu wa pabalaza unalinso chimodzimodzi. Kwa munthu wosaphunzira ntchitoyi, umu ndi mmene nzeru imamuuzira, koma n'kulakwitsa. Dongosolo la T568B, lomwe ambiri timatsata, limayenda motere kuyambira pa 1: woyera wa mizere ya olenji, olenji, woyera wa mizere yobiriwira, buluu, woyera wa mizere ya buluu, wobiriwira, woyera wa mizere ya bulauni, bulauni. Awiri obiriwira aja amapatukana, wina pa 3 wina pa 6, a buluu n'kukhala pakati pawo.

Chifukwa chake chili m'mapotedwe. M'chingwe muli timawaya 8 topotedwa tiwiritiwiri, ndipo uthenga umodzi umayenda pa tiwiri topotedwa pamodzi, mphamvu yake ili yofanana koma yotembenuzidwa. Phokoso la magetsi lochokera kunja limakhudza tonse tiwiri mofanana, ndiye wolandira akamayang'ana kusiyana kwa tiwirito phokosolo limafafanizika. Pa liwiro la 100 Mbps makina amagwiritsa ntchito 1 ndi 2 mbali imodzi, 3 ndi 6 mbali inayo. Pa chingwe ichi, pa 3 panali waya wa gulu lobiriwira, pa 6 wa gulu la buluu. Uthenga unkayenda pa mawaya awiri osapotedwa pamodzi, chitetezo chonse chija chitachoka. Pa chingwe cha mamita awiri cholakwika chotere sichioneka. Lamulo la Ethernet, netiweki ya chingwe yotereyi, limalola mamita 100 pa chingwe chomangidwa bwino, ndipo ichi chinali pang'ono kupitirira gawo limodzi mwa atatu a utaliwo, choncho nyengo youma chinkayenda chotsimphina, mapaketi otayika n'kumatumizidwanso mwini wake osazindikira. Chinkangofunika chinthu chimodzi chowonjezera kuti chigwe.

Chinthucho ndinachipeza nditakwera makwerero. Chingwe chotuwachi ndi cha m'nyumba, khungu lake ndi la PVC wosapirira dzuwa. Mbali yoyang'ana kumwamba inali itayezuka, yolimba, yosweka ukaipinda. Pomwe chinapinda pa mlomo wa lata, mphepo inkachigwedeza ndipo latalo linali litacheka khungu mpaka mitundu ya timawaya kuonekera. Madzi otsika padenga ankalowera pomwepo. Kuchokera apo chingwe chinkangotsetsereka mpaka m'nyumba, popanda kukhotetsedwa kuti madzi adonthere panja. Nditachidula pafupi ndi venti n'kuchilozetsa pansi, madontho anatuluka m'kati mwa khungu n'kugwera padzanja langa. Timano ta mutu wa pa shelefu tinali titayamba kubiriwira. Madzi safunika kukhudzitsa mawaya kuti aononge. Kungokhala pakati pa timawayato amasintha mmene chingwe chimanyamulira uthenga, n'kuufoola. Kukaomba dzuwa masiku angapo chinkauma pang'ono n'kuyambanso kuyenda. Koma ku Mzuzu mvula imachedwa kusiya, mu Epulo imakhala ikugwabe, ndipo mvumbi ukagwira chingwe chotere sichipeza mpata wouma.

Mavuto awiriwa ankathandizananso. Chingwe chikanyowa, yankho la rauta yeniyeni linkatayikira m'njira, ndiye ngakhale magetsi asazime, kakale kankapambana. N'chifukwa chake mvula yokha inkatha kuchotseratu intaneti pa kompyuta, pamene mafoni a pabalaza, omwe ali pafupi ndi rauta yeniyeni, sankakhudzidwa kwenikweni.

Ndisanachitaye ndinasenda kawaya kamodzi n'kukapala ndi mpeni. Kufiira kwa kopa kunachoka, m'kati munatuluka moyera ngati siliva. Ndi chingwe cha CCA, aluminiyamu wokutidwa ndi kopa wopyapyala. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 61 peresenti ya mmene kopa amadutsitsira, amathyoka msanga akapindidwa mobwereza, ndipo akalowa chinyezi amadyeka. Zingwe zotere zadzaza pamsika, m'mabokosi a mamita 305 olembedwa Cat6, giredi ya chingwe cha netiweki, ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo mtengo wake umakopa. Ine sindidana ndi wogula, chifukwa kunja zonse zimaoneka chimodzimodzi. Koma mmisiri amene amadziwa, n'kuika CCA panja, kasitomala atalipira mtengo wa kopa, ameneyo ndi wakuba. Wogula apemphe kachidutswa n'kukapala pomwepo pashopu. Wina amayatsa machesi: aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, kopa pa 1,085, ndiye kawaya ka CCA kamafota n'kugwa pamene ka kopa kamangoda.

Zomwe tinasankha ndi zomwe zinachitika

Njira yotchipa kuposa zonse ikanakhala kusamutsira rauta ya 4G mu ofesimo, chingwe chachitali n'kuchiiwala. Tinayesa. Kuboyizikota netiweki inatsika kwambiri, ndiponso apabanja akanataya Wi-Fi pabalaza. Kuika kompyuta pa Wi-Fi nakonso sikunathandize, makoma a njerwa pakatipo ndi ambiri. Njira yabwino kuposa zonse pakati pa nyumba ziwiri ndi faiba, chingwe cha ulusi wa galasi, yokhala ndi kabokosi kosinthira mbali iliyonse, chifukwa galasi silinyamula mphenzi. Ndinawauza mtengo wake, anapukusa mutu. Tinagwirizana za chingwe cha kopa weniweni, Cat6 wa panja wa khungu lakuda, chodutsa pansi osati m'mwamba.

Tinakumba kangalande kuchoka kukhoma la nyumba kufika kuboyizikota n'kuyala paipi ya pulasitiki ya mamilimita 20. Paipi imateteza ku khasu, makoswe ndi dzuwa, koma asakunamizeni kuti imateteza ku madzi. Paipi ya pansi imadzaza madzi tsiku lina, n'chifukwa chake chingwe cha m'katimo chiyenera kukhalabe cha panja. Polowa m'nyumba tinachitsitsa kaye pansi pa bowo n'kuchikwezanso, kuti madzi oyenda pakhungu azidonthera kunja, ndipo tinachitalikitsa ndi mawaya a magetsi. Kumapeto onse awiri sindinapane mitu. Ndinaika masoketi a pakhoma, n'kukhomera timawaya m'timipata take motsata T568B, osamasula mapotedwe kupitirira mamilimita 13. M'chingwe chachitali kawaya kalikonse ndi kamodzi kolimba, osati tiulusi tambiri, ndiye chimafuna kukhala phee. Zozulidwa ndi kubwezedwa zikhale zazifupi zofewa zopangidwa kale kufakitale.

Karauta kakale ndinakachotsa, m'malo mwake ndinaika switch wamba, kabokosi kongolumikiza zingwe, ya makomo 5. Mayiwo anafunsa ngati kakaleko sikakanapitiriza, popeza DHCP ndinali nditazimitsa kale. Kakanatha ndithu. Koma kabowo ka Reset kakanakhalapobe, phini nayenso sasowa m'nyumba. Switch wamba alibe chobaya, alibe choika, sagawa maadiresi. Pulinta ndinaisungira adiresi yosasintha mu rauta ya pabalaza, n'kuilembanso mwatsopano mu Windows. Mu Device Manager ndinayang'ananso khadi ya netiweki ya m'kati, yomwe inalibe vuto lililonse: Speed & Duplex ndinasiya pa Auto Negotiation, ndipo ndinachotsa chilolezo choti kompyuta iziizimitsa posunga magetsi. Kachipangizo ka USB kaja kanalowa mu dirowa.

Poyeza, ndinaika switch mbali imodzi ya chingwe chatsopano ndi laputopu mbali inayo, ndipo zinagwirizana pa 1.0 Gbps, liwiro lotchedwa Gigabit. Uwu ndi umboni woposa wa tesita, chifukwa Gigabit imafuna magulu onse anayi a timawaya, ndipo likafa limodzi makina amatsikira pa 100 Mbps kapena kukana. Ping wa mabayiti 1400 ndinamusiya akuyenda mpaka tiyi anatha, sanaphonye. Kenako tinayeza magetsi: kuzimitsa masoketi a rauta ndi switch nthawi imodzi, kompyuta ili pa UPS, n'kuyatsanso. Kompyuta inadikira rauta ya pabalaza idzuke, inalandira adiresi ya 192.168.8, intaneti ndi pulinta zonse zinagwira. Kuti kudikirako kuchepe, switch tinaiika pa UPS ya kompyuta, ndipo ndinawalangiza kugulira rauta ya pabalaza ka UPS kakang'ono ka mavoti 12.

Mvumbi wotsatira utadutsa ndinawaimbira. Kompyuta sinadulenso. Anadandaula kuti madzulo intaneti imachedwabe, ndipo ndinawatsogolera pa foni kuti ayeze okha: ping wopita ku 192.168.8.1 anali pansi pa 1ms, wopita ku 8.8.8.8 ndiye ankakwera. Kumeneko si kwa chingwe, ndi mmene 4G imakhalira anthu ambiri akakhala pa nsanja imodzi nthawi imodzi, ndipo ntchito zolemera ndi bwino kuzitumiza m'mawa. Ndinawakumbutsanso kuti Microsoft inathetsa chithandizo chake cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, zomwe munthu wosunga mabuku a ndalama za anthu ena sayenera kuzinyalanyaza, ngakhale zilibe chochita ndi vuto ili.

Chomwe sichinathe ndi mphenzi. Chingwe cha kopa pakati pa nyumba ziwiri, ngakhale chokwiriridwa, chimatha kunyamula mphamvu ya mphenzi yogwa chapafupi. Makomo a Ethernet amapangidwa kuti apirire mavoti pafupifupi 1,500, zomwe kwa mphenzi si kanthu. Tizipangizo totetezera chingwe tilipo, koma timagwira ntchito pokhapokha waya wa earth wa nyumbayo ali wabwino, ndipo wa kuboyizikota ndinaukayikira nditaona mmene unalumikizidwira. Ameneyo ayezedwe ndi wa zamagetsi wovomerezeka ndisanaikepo chilichonse. Podikira zimenezo, kukayamba kugunda mayiwo amazula zingwe zazifupi pa masoketi onse awiri a pakhoma, wa pabalaza ndi wa mu ofesi.